Wina Ankavula, Wina Ankavala: Mbiri ya Jekete la Wofunsira Ntchito

Pa tsiku la intavyu, kaya ndi ku Capital Hill, kaya ndi pa kampani ina ya ku Limbe, benchi ya pakhonde imadzaza ndi anthu ovala mofanana ngati anapangana. Anyamata amakhala ali m'majekete akuda ndi mataye othina pakhosi ngakhale kunja kukuwotcha dzuwa la Okutobala, atsikana ali m'masiketi ofika m'munsi mwa mawondo, ndipo aliyense wafumbatira envulopu ya kaki momwe muli masatifiketi. Ambiri akaona zimenezi amangoti ndi chizolowezi chimene anatisiyira azungu, ndipo amalankhula ngati kuti atsamunda ndiwo anatigwira n'kutimanga taye pakhosi. Mbiri ikunena zina. Kwa zaka zambiri mzungu wa ku Nyasaland sankafuna n'komwe kuona munthu wakuda atavala ngati iye, ndipo jekete limene lero likuoneka ngati lamulo la bwana linayamba ngati mawu a wantchito, onena kuti iye si wa khasu ndi chikoti koma wa cholembera. Chimene chinasintha m'kupita kwa zaka ndi mwini wake wa lamulolo. Chimene sichinasinthe n'choti mtengo wake wakhala ukulipiridwa ndi munthu amene sanayambe n'kulandira komwe.

Nsalu inali chuma kalekale mzungu asanaponde kuno. Anthu ankasula chiwondo kuchokera ku makungwa a mitengo, ena ankafufuta zikopa, ndipo Amang'anja a kuchigwa cha Shire ankalima thonje, kulipota ndi kuliwomba okha, moti David Livingstone atadutsa kumeneko mu 1859 anachita nazo chidwi. Amalonda a Chiyao ankabwera ndi nsalu za kunyanja yamchere, monga merikani, ndipo mfumu yokhala ndi mikwamba yambiri ndiyo inkaopedwa. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, itayamba malonda ake mu 1878, amtengatenga ndi antchito ena ankalipidwa nsalu, chifukwa ndalama zachitsulo zinali zisanafale. Apa m'pamene pali muzu wa nkhani yonse: malipiro a munthu ankaoneka pathupi pake. Wovala nsalu yatsopano sankafunikira kuuza aliyense kuti wagwira ntchito kwa mzungu. Komabe kuvala n'cholinga choti ukapeze ntchito kunali kusanayambe. Kumudzi munthu ankadziwika ndi mtundu wake ndi manja ake, ndipo ngati panali mayeso ofanana ndi intavyu, anali a mkamwini, amene apongozi ankamuyesa pom'patsa munda wa tsala ndi nyumba yoti afolere. Kumeneko zovala sizinkathandiza kanthu.

Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891 n'kuika msonkho wa nyumba, amuna anakakamizika kufuna ntchito yolipidwa, ndipo zitseko zolowera pantchito zinakhala ziwiri. Chitseko choyamba, chachikulu, chinali cha anthu wamba: thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kunyamula katundu ndi machila, kulambula misewu, kenako ulendo wa ku migodi. Pa chitseko chimenechi kapitawo ankayang'ana mapewa ndi miyendo basi. Ku Wenela, komwe ankalemba anthu opita ku migodi ya ku Johannesburg, ndiponso ku Mthandizi, komwe ankalemba opita ku Southern Rhodesia, chachikulu chinali thupi. Mwamuna wofuna kupita ku Joni ankavula, n'kukwera pa sikelo, dokotala n'kumumvetsera m'chifuwa, ndipo akapezeka wopepuka kapena wa chifuwa ankabwezedwa. Ankamufunsa dzina, mudzi, mfumu ndi boma, zotsalazo thupi linkayankha lokha. Dongosolo limeneli linakhala nafe nthawi yaitali, mpaka ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuimitsa kwa kanthawi kulemba anthu opita kumigodi. Kwa agogo ambiri a m'dziko muno, kuyesedwa kuti ulowe ntchito kunkatanthauza kuima wopanda malaya pamzere.

Chitseko chachiwiri chinali chopapatiza, ndipo kiyi wake anali ku mishoni. Livingstonia inayamba mu 1875 ku Cape Maclear, n'kusamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe komwe Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun mu 1894. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ndipo ya Dutch Reformed inafika ku Mvera mu 1889. M'masukulu amenewa munkatuluka aphunzitsi, akalaliki, otanthauzira ku khoti, othandiza madokotala, osindikiza mabuku ndi otumiza matelegalamu. Mnyamata wofuna ukalaliki ku boma kapena ku Mandala ankapita ndi kalata ya umboni yochokera kwa m'busa wachizungu, ankaonetsa kalembedwe ka dzanja lake, ankayankha m'Chingerezi, ndipo zonsezi zisanachitike ankayamba waoneka. Malaya ochapa, kabudula kapena buluku losita, nthawi zina jekete ngakhale kumapazi kulibe nsapato, zinkauza bwana kuti uyu wadutsa m'manja mwa amishoni ndipo sangamutume kukatunga madzi. Choncho m'dziko limodzi lomweli munthu wina ankavula kuti alembedwe ntchito, wina ankavala. Kusiyana kwa malipiro pakati pa awiriwa kunali kwakukulu, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi, ngakhale mwana. Nyasaland inaphunzitsa akalaliki ambiri kuposa maofesi amene inali nawo, n'chifukwa chake anthu ngati Clements Kadalie, Mtonga wa kufupi ndi Bandawe amene anaphunzira ku Livingstonia, anayenda akugwira ukalaliki ku Mozambique ndi ku Rhodesia mpaka anakafika ku Cape Town, komwe mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU.

Azungu a m'minda ndi ena a m'boma sankakondwera ndi munthu wovala ameneyu. Ankamufuna kuti aziwalembera mabuku a malipiro, koma kumuona atavala ngati iwo kunkawanyansa. Mkangano unakulira pa chipewa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo akachedwa ankakuwiridwa kuti achotse, mwinanso kumenyedwa kumene. John Chilembwe, amene anabwerera kuchokera ku America mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, anaika nkhani ya mavalidwe pakati penipeni pa chiphunzitso chake. Iye ankavala suti, mkazi wake Ida ankavala madiresi aatali, ndipo pa mishoniyo amayi ankaphunzitsidwa kusoka, ntchito imene mmishonale wachikuda wa ku America, Emma DeLany, anathandiza kuikhazikitsa. Kufupi ndi pomwepo, pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero, woyang'anira William Jervis Livingstone ankadziwika ndi nkhanza ndiponso kudana ndi Akhristu ophunzira. Nkhondo ya Chilembwe ya pa 23 Januwale 1915 inali ndi zifukwa zikuluzikulu, monga thangata, malo, msonkho ndi kutengera anthu ku nkhondo ya azungu, koma komiti yofufuza itakhala pansi chaka chomwecho, mboni zophunzira za m'dziko muno zinabwerezabwereza dandaulo la chipewa, ndipo Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre anadzudzula azungu anzake amene ankavuliridwa chipewa koma osabweza moni. Nkhani imene ingaoneke yaing'ono chonchi siikanafika pa bwalo lotere chikhala kuti inali ya fashoni chabe. Chithunzi cha 1914, chimene Chilembwe anajambulitsa atavala chipewa ataima pambali pa mmishonale John Chorley, ndicho chimene Samson Kambalu anachisandutsa chiboliboli chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square ku London mu 2022.

Pali amene angatsutse kuti zonsezi zikungotsimikizira kuti maganizo athu anagwidwa: kalaliki ankalimbirana ufulu wofanana ndi mzungu chifukwa anali atavomereza kale kuti chovala cha mzungu ndicho chapamwamba. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, ndipo amishoni ena ankaphunzitsadi kuti chikopa ndi chiwondo n'zachikunja. Koma munthu wotsanzira amachita zokondweretsa amene akumutsanzirayo, pamene kuno wotsanziridwayo ankakwiya, kukuwa ndi kugwetsa zipewa ndi ndodo. Chovala chimene chimakuika pa ngozi ya kumenyedwa sichingakhale chizindikiro cha kugonja. Tikayang'ananso amene anayambitsa ndale za dziko lino, tipeza kuti ndi ovala majekete omwewa: Levi Mumba, amene anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912 ndipo anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944, ndi James Frederick Sangala, kalaliki wa boma amene anathamangathamanga kuti Congress ibadwe. Ngakhale amene analibe mwayi wa sukulu anachitenga chovalachi n'kuchipatsa ntchito yawoyawo. Matchona pobwera ku Joni kapena ku Halale ankatsika basi ali mu suti, chipewa ndi nsapato zonyezimira, kuti mudzi uone kuti amene anavula pa sikelo ya Wenela uja wabwera ali bambo. Ovina malipenga ku Nkhata Bay, ndi makabudula awo oyera mbee, masokosi ofika m'mawondo ndi mataye, amavina uku akuseka ndi kunyadira nthawi imodzi, ndipo n'zovuta kunena kuti amene akusekedwayo ndani kwenikweni.

Kamuzu Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julaye 1958 atavala suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa cha homburg, ndipo sanasinthe mavalidwe amenewa mpaka imfa yake. Kwa anthu amene anakula akuvulira chipewa mwana aliyense wa mzungu, kuona munthu wakuda atavala chipewa pamaso pa bwanamkubwa kunali phunziro losafuna womasulira. Ufulu utabwera mu 1964, mipando imene azungu ankasiya inayamba kudzazidwa ndi ophunzira a ku Blantyre Secondary School, Zomba Catholic ndi Dedza, kenako a ku Yunivesite ya Malawi. Apa m'pamene intavyu monga tikuidziwira lero inazika mizu: malonda a ntchito m'nyuzipepala, kalata yolemba pamanja, gulu la akuluakulu atatu kapena asanu kuseri kwa tebulo, ndi wofunsira ntchito amene sakhala pampando asanauzidwe. Koma apa m'pamenenso chovala chinasintha mwini. Chimene chinali chida cha wofuna ulemu chinasanduka muyeso wa mwambo ndi kumvera, ziwiri mwa ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress. Mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Decency in Dress, loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo pagulu. Amuna nawo analetsedwa tsitsi lalitali ndi mabuluku otambalala kumiyendo, moti ngakhale mlendo ankatha kumetedwa pa bwalo la ndege. Wofunsira ntchito wa nthawi imeneyo sankada nkhawa ndi maso a bwana okha. Kulakwitsa kavalidwe kukanatha kumufikitsa kupolisi asanafike n'komwe pa ofesi.

Katundu wolemera wa lamuloli anagwera amayi, ndipo sanatsike pamutu pawo pamene lamulolo linathetsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe ndi mizinda ina anavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, ali nawo limodzi. Lamulo linali litafa zaka pafupifupi 18 m'mbuyomo, koma apolisi ake odzisankha okha anali akadali moyo. N'chifukwa chake mpaka lero mtsikana wokonzekera intavyu amalangizidwa ndi azakhali ake kuti asiye thalauzi ngakhale litakhala la suti yodula, avale siketi yaitali, achepetse zodzola. Mnyamata amangofunsidwa ngati ali ndi jekete. Mtsikana amayesedwa khalidwe lake lonse kuchokera pa msinkhu wa siketi, ndipo palibe amene amamuuza poyera kuti muyesowo ukuthera pati.

Nanga jeketelo linkachokera kuti? Kwa zaka zambiri yankho linali telala wa pakhonde la sitolo ya mmwenye, wokhala ndi makina a Singer opalasa ndi phazi, amene ankayeza munthu ndi tepi n'kumusokera suti yolipira pang'onopang'ono. Fakitale ya David Whitehead and Sons itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, nsalu ya malaya, ya mayunifomu ndi zitenje inayamba kupangidwa konkuno kuchokera ku thonje la ku Chikwawa ndi Balaka. Suti inali chinthu chogula kamodzi, ya ukwati, ya kutchalitchi, ya pamaliro, ndipo inkayenda m'banja lonse. Jekete limodzi la amalume linkatha kulowetsa ntchito adzukulu angapo, manja ake atapindidwira m'kati, litasitidwa ndi simbi ya makala usiku wa dzulo lake. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, mabelo a kaunjika anasefukira m'misika, Whitehead inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003, ndipo atelala ambiri anatsala ndi ntchito yochepetsa ndi kupinda zovala zimene anasoka ena kutsidya la nyanja. Pali zoseketsa zowawa pamenepa: chovala chimene agogo ankamenyedwera chifukwa chofanana ndi cha mzungu, mdzukulu akuchitola pa mulu mzungu atachitaya. Komabe kunena zoona, kaunjika ndiye anachita zimene ndale zinalephera. Anatsitsa mtengo wa ulemu mpaka mwana wa mlimi n'kutha kuima pamzere umodzi ndi mwana wa nduna popanda wowasiyanitsa msanga.

Kutsutsa kwachiwiri n'kwamphamvu kuposa koyamba kuja. Akuti chovala sichigwira ntchito, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: akuba ndalama za boma ambiri amalowa m'khoti atavala masuti abwino kuposa a woweruza. Izi n'zoona, ndipo amene amaona taye n'kuganiza kuti waona kukhulupirika amadzinamiza yekha. Olemba ntchito ali ndi yankho lawo, loti m'mphindi 15 sangamudziwe munthu, ndiye amayang'ana ngati anadzivutitsa kukonzekera, pakuti wosita kolala mwina adzasamalanso mabuku a ndalama. Yankholi likanakhala lokwanira chikhala kuti kukonzekera n'kwaulere. Koma sopo, makala a m'simbi, polishi, kumeta, kujambulitsa masatifiketi, ndi basi yochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje zonse zimafuna ndalama, ndipo amene akufunsidwa kuti azitulutse ndi munthu amene akufuna ntchito chifukwa choti ndalama alibe. Gulu lofunsa mafunso limaganiza kuti likuyesa khama, pamene nthawi zambiri likuyesa ngati munthuyo ali ndi m'bale m'tauni. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha chuma, chipembedzo kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limabwereza mfundo yomweyo, koma palibe amene angakasume kuti anamukana chifukwa nsapato inali yong'aluka, poti chifukwa chotere sichilembedwa. Pamene chalembedwa m'pamene khoti limatha kulowererapo, monga momwe Khoti Lalikulu ku Zomba linagamulira mu 2023 kuti ana a Chirasta asamakanizidwe m'masukulu a boma chifukwa cha tsitsi lawo. Ana amenewo akadzamaliza sukulu adzakhala pa benchi ya pakhonde ija, ndipo kumeneko lamulo la tsitsi ndi la m'maso chabe.

Ngati kaunjika anafananitsa anthu, wina anganene kuti nkhaniyi yatha, jekete lasiya kukhala chitseko. Linasiyadi kusiyanitsa, koma silinasiye kufunika, ndipo kumeneku ndiye kuluza kwenikweni kwa wofunsira ntchito wa lero. Kalaliki wa 1920 akavala jekete ankatuluka m'gulu la anthu zikwi n'kulowa m'gulu la anthu khumi. Mnyamata wa MSCE kapena wa digiri akavala lero amangopewa kuchotsedwa koyambirira, phindu lina palibe, chifukwa onse amene ali naye pamzere avalanso. Masukulu achuluka, maofesi sanachuluke, mofanana ndi momwe zinalili pamene Kadalie ankanyamuka, kungoti tsopano malire a mayiko a kumwera satseguka mosavuta. Mu Juni 2020 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti ofuna ntchito ya alangizi a zaumoyo angofika okha pa malo a intavyu osadikira kalata yowaitana. Achinyamata zikwizikwi anakhamukira m'mabwalo a masukulu m'maboma osiyanasiyana, ndipo ku Mzuzu anapondana pa geti mpaka ambiri anathamangira nawo kuchipatala. Ochuluka mwa iwo anabwera atasamba, atasita, maenvulopu a kaki ali m'manja monga anawalangizira akuluakulu kunyumba, koma amene analowa msanga tsiku limenelo anali a mapewa olimba, aja amene kapitawo wa Wenela akanawasankha.